Ankhonya amene anayamba kukomola anzawo msinkhu utapita kale

Chisale:
Akuluakulu nonse a pagulu lino, ndabwera ndi funso limene ndikufuna kuti tithandizane kuliunika. Pakati pa anthu otsatira nkhonya pamamveka mawu akuti chibakera cholemera munthu amachita kubadwa nacho, ndipo kuti mphunzitsi angathe kukuphunzitsa kulewa, kutchinga ndi kuyendetsa mapazi, koma sangakuikire mphamvu m'dzanja. Ngati zili choncho, nanga tinene chiyani za ankhonya amene anatha zaka zambiri akupambana pa mapointi, kenaka msinkhu utapita n'kuyamba kusiya anzawo ali chikomokere? Amene wandichititsa kufunsa ndi Sergio Martinez wa ku Argentina. Munthu ameneyu anayamba nkhonya ali ndi zaka 20, atayamba wayesa mpira wamiyendo ndi mpikisano wa njinga, ndipo kwa nthawi yaitali, ngakhale atasamukira ku Spain, ankadziwika ngati wamanzere wothamangathamanga m'bwalo, woyenda manja ali pansi, wovuta kumupeza koma wosaopsa kwenikweni. Mu Disembala 2009 anamenyana ndi Paul Williams maraundi onse 12 n'kugonja pa mapointi. Chaka chisanathe, mu Novembala 2010 ku Atlantic City, ali ndi zaka 35, anakomola Williams yemweyo m'raundi yachiwiri ndi chibakera chimodzi. Kodi mphamvu imeneyi inabisala kuti zaka zonse zija?

Mphunzitsi Gondwe:
A Chisale, ine ndiyankha monga munthu amene ndakhala ndikugwirira anyamata mapadi. Mawu akuti mphamvu ndi yobadwa nayo ali ndi mbali yake yoona, pakuti kukula kwa mafupa a dzanja, kutalika kwa mkono ndi liwiro la minofu sizigulidwa pamsika. Cholakwika n'chakuti ambiri amayesa kuti chibakera chimachokera m'mkono, pamene chimayambira pansi. Phazi lakumbuyo limakankha pansi, chidendene chimatembenuka, chiuno chimatsatira, phewa limabwera pambuyo pake, ndipo dzanja limangofikitsa mphamvu imene thupi lonse lasonkhanitsa. Akatswiri ena a ku Soviet Union adayeza zimenezi m'zaka za m'ma 1980, ndipo adapeza kuti mwa ankhonya okhwima mkono umapereka pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a mphamvu ya chibakera chowongoka, pamene yotsalayo imachokera m'miyendo ndi m'kutembenuka kwa thupi. Amene adadulapo mtengo ndi nkhwangwa akudziwa kuti wodula ndi mikono yokha amatopa mtengo uli chiimire.

Chitsanzo chimene aphunzitsife timachikonda ndi Thomas Hearns. Ali amateur, kutanthauza asanayambe nkhonya zolipidwa, adapambana nkhonya zoposa 150, koma zimene adazithetsa nthawi isanakwane sizidafike ngakhale 20. Adali mnyamata wamtali, woonda, wongogogoda n'kuchoka. Emanuel Steward, amene ankamuphunzitsa ku jimu ya Kronk mumzinda wa Detroit, adamukhazika pa mapazi ndi kumuonetsa momwe angagwiritsire ntchito kutalika kwake kuti dzanja lamanja lizifika thupi lonse lili kumbuyo kwake. Atalowa nkhonya zolipidwa mu 1977, mwa adani ake 17 oyambirira palibe amene adamva belu lomaliza. Mu 1980 adathana ndi Pipino Cuevas m'raundi yachiwiri n'kutenga lamba wa bungwe la nkhonya la WBA, ndipo mu 1984 Roberto Duran, munthu amene adali asanakomoledwepo chiyambire, adagwa chafufumimba m'raundi yachiwirinso.

Nambewe:
Aphunzitsi, ndakumvani bwino, koma ndikuona kuti Hearns sakuyankha funso la a Chisale. Pamene ankalowa nkhonya zolipidwa anali ndi zaka 19 zokha, kusonyeza kuti nkhonya za mapointi zija anazimenya thupi lisanakhwime. Komanso nkhonya za amateur zimakhala za maraundi atatu, ndipo wofuna kupambana amathamangira kuchulukitsa zibakera zoti majaji azione, alibe nthawi yodikirira chimodzi cholemera. Mwana akakula n'kuyamba kumenya ngati bambo, sitinganene kuti mphamvu yamubwerera mochedwa.

Ine amene ndingamutchule ndi Terence Crawford wa ku Omaha. Lamba wake woyamba, wa lightweight, anamulanda Ricky Burns ku Glasgow mu 2014 pa mapointi. Chaka chomwecho anagonjetsa Ray Beltran pa mapointi, ndipo mu 2016 anagonjetsa Viktor Postol chimodzimodzi. Atakwera ku welterweight mu 2018, ali ndi zaka 30, anamenyana ndi anthu asanu ndi atatu, ndipo onsewo sanamalize: Jeff Horn, Jose Benavidez, Amir Khan, Egidijus Kavaliauskas, Kell Brook, Shawn Porter, David Avanesyan ndi Errol Spence. Mwachizolowezi munthu akakwera sikelo zibakera zake zimapepuka chifukwa akumenya anthu a matupi aakulu kuposa amene anawazolowera, koma kwa iyeyu zinatembenuka.

Kamwendo:
A Nambewe mwatchula munthu woyenera, ndipo ine ndikuganiza kuti yankho lake lili pa sikelo pomwepo. Malire a lightweight ndi mapaundi 135, amene ndi makilogalamu pafupifupi 61, pamene a welterweight ndi mapaundi 147, pafupifupi makilogalamu 67. Kwa munthu wosadziwa, makilogalamu asanu ndi limodzi ndi nkhani yaing'ono. Koma amene anaonapo wankhonya m'sabata yokwera sikelo akudziwa kuti si masewera. Kuno ku Johannesburg m'majimu mumaona mnyamata atavala chovala chapulasitiki mkati mwa juzi, akudumpha chingwe masana dzuwa lili pamutu, milomo itauma gwa, akulavulira m'botolo kuti achotse timadzi totsala m'thupi. Akakwanitsa sikelo amakhala ndi tsiku limodzi loti amwe ndi kudya, ndipo thupi limabwereradi, koma miyendo siibwerera yonse. Tsono ngati mphamvu imayambira m'miyendo monga anenera aphunzitsi a Gondwe, munthu amene wasiya kudziumitsa chonchi ayenera kumenya molemera kuposa kale ngakhale asanaphunzire chatsopano chilichonse.

Mbewu yake inalipo kale, chifukwa mu 2014 yemweyo, akadali ku lightweight, Crawford anagwetsa Yuriorkis Gamboa kanayi n'kumumaliza m'raundi ya 9. Chimene ndimachiona ngati umboni ndi zimene zinachitika atapitiriza kukwera. Pa mapaundi 154 mu 2024 Israil Madrimov anamaliza naye maraundi 12, ndipo pa mapaundi 168 mu 2025 anagonjetsa Canelo Alvarez pa mapointi. Pali sikelo imene thupi la munthu limakhala pakwawo, ndipo Crawford anaifika ali ndi zaka 30.

Phiri:
Abale anga, ine ndili kuno ku Chipata ndikuwerenga, koma sindinakhutire. Choyamba, tisiyanitse kukomola munthu ndi kuimitsa nkhonya. M'mabuku zonsezi zimawerengedwa pamodzi ngati knockout, koma Amir Khan sanakomoke, nkhonya inatha atalandira chibakera cha pansi pa lamba ndipo a kukona kwake anati sapitiriza. Shawn Porter anagwa kawiri m'raundi ya 10 n'kudzuka, ndipo amene anaimitsa nkhonya ndi bambo ake omwe, amenenso anali mphunzitsi wake. Taonaninso maraundi amene Crawford ankamalizira anthu: Horn ya 9, Benavidez ya 12, Kavaliauskas ya 9, Spence ya 9. Ameneyo ndi munthu amene amakuwerenga maraundi atatu kapena anayi, n'kusintha kaimidwe kukhala ngati wamanzere, n'kumakuphwanya pang'onopang'ono. Ndi luso lalikulu, koma silofanana ndi la Earnie Shavers kapena Julian Jackson, amene akakukhudza kamodzi magetsi amazima.

Chachiwiri, chibakera chimodzi sichisandutsa munthu kukhala wokomola. Mu Malichi 1989 Michael Nunn, amene anthu ankamudandaula kuti nkhonya zake n'zogonetsa tulo, anakomola Sumbu Kalambay, wobadwira ku Lubumbashi, m'masekondi 88 okha ndi dzanja lamanzere. Anthu anati Nunn wapeza mphamvu. Nkhonya ziwiri zotsatira, ndi Iran Barkley komanso ndi Marlon Starling, zinafika maraundi 12 onse. Julius Indongo wa ku Namibia anapita ku Moscow mu Disembala 2016 n'kugwetsa Eduard Troyanovsky m'masekondi 40, koma yotsatira yake ndi Ricky Burns inatha pa mapointi. Chibwano cha munthu aliyense chili ndi malo ake, ndipo wankhonya aliyense wophunzira bwino akhoza kuwapeza kamodzi pa moyo wake. Kuti ndivomere, mundionetse munthu amene atakula anamaliza adani apamwamba atatu kapena anayi motsatizana, pamene kale sankatero.

Chisale:
A Phiri, muyezo wanu ndauvomera, ndipo Martinez akuukwanitsa. Atachoka pa Williams, mu Malichi 2011 anakumana ndi Sergiy Dzinziruk, amene anali asanagonjepo, ndipo anamugwetsa kasanu nkhonya n'kuimitsidwa m'raundi ya 8. Mu Okutobala chaka chomwecho anamaliza Darren Barker m'raundi ya 11. Mu Malichi 2012 anagwetsa Matthew Macklin kawiri m'raundi ya 11, a kukona kwake n'kumuletsa kudzukanso pampando. Amenewo ndi anayi motsatizana, pakati pa zaka 35 ndi 37, ndipo a Kamwendo aonenso kuti zonsezi zinachitika atachoka pa mapaundi 154 n'kukhazikika ku middleweight.

Chibakera cha Williams chija ndikupempha kuti muchionerenso pang'onopang'ono. Onse awiri ndi amanzere. Williams, wamtali kwambiri, akulowa monga mwa chizolowezi chake, akutambasula dzanja lamanzere kuti aponye, dzanja lake lamanja lili pansi. Martinez akupendekera kumanja, mutu wake ukutsika mwakuti sakumuyang'ana n'komwe mnzakeyo, ndipo dzanja lake lamanzere likudutsa pamwamba n'kufika pa chibwano Williams asanamalize chake. Williams anagwa chamutu, maso ali tong'o, manja osatchinga n'komwe pansi. Pamenepo pali zinthu ziwiri zimene zinakumana, thupi lonse la Martinez lopita kutsogolo ndi thupi lonse la Williams lobwera.

Ndionjezeko ichi kuti chithandize mfundo ya miyendo. Mu Seputembala 2012, pomenyana ndi Julio Cesar Chavez Jr, Martinez anagwa m'raundi ya 12 n'kuvulala bondo lakumanja, ndipo anakachitidwa opaleshoni ngakhale nkhonyayo anapambana. Kuchokera apo zinthu zinasintha. Martin Murray anamaliza naye maraundi 12 ku Buenos Aires mu 2013, ndipo mu 2014 Miguel Cotto anamugwetsa katatu m'raundi yoyamba, iye akulephera ngakhale kuponda bwino.

Mwale:
Pali nkhani ina imene tikuizungulira, ndipo ine ndiitchula. Munthu wa zaka zoyandikira 40 akayamba mwadzidzidzi kumenya molemera kuposa ali ndi zaka 30, tiyenera kufunsa chimene chalowa m'thupi mwake. Juan Manuel Marquez anamenyana ndi Manny Pacquiao mu 2004, mu 2008 ndi mu 2011, maraundi 36 onse pamodzi, ndipo sanamugwetsepo ngakhale kamodzi. Mu 2009 anakwera sikelo kukakumana ndi Floyd Mayweather ndipo ankaoneka wolobodoka thupi, wochedwa. Mu Disembala 2012, ali ndi zaka 39, anatulukira mapewa ndi chifuwa zili nganganga, n'kugwetsa Pacquiao m'raundi yachitatu, kenaka n'kumukomola m'raundi ya 6. Amene ankamulimbitsa thupi anali Angel Heredia, munthu amene mu 2008 anachitira umboni m'khoti ku America, pa mlandu wa mphunzitsi wa othamanga Trevor Graham, kuti iye ankapereka mankhwala oletsedwa kwa ochita masewera. Ndinene mosabisa kuti Marquez sanapezekepo ndi mankhwala pa kuyezedwa kulikonse, ndipo wakhala akukana nthawi zonse. Sindikumuweruza. Ndikungoti pa mndandanda wa zifukwa zimene mphamvu imabwerera mochedwa, chifukwa chimenechi chisasowepo, popeza masewerawa si oyera. Shane Mosley anavomera yekha kuti asanamenyane kachiwiri ndi Oscar De La Hoya mu 2003 anagwiritsa ntchito zinthu zochokera ku BALCO, kampani imene inkapereka mankhwala oletsedwa kwa ochita masewera, ngakhale ananena kuti sankadziwa kuti n'zoletsedwa.

Mphunzitsi Gondwe:
A Mwale, kukayika kwanu n'komveka, ndipo sindinganene kuti mankhwala sapatsa munthu mphamvu. Koma pa Marquez pali zinthu ziwiri zoti tizikumbukire. Choyamba, munthu ameneyu sadali wa manja opepuka. Mwa nkhonya 56 zimene adapambana, 40 zidatha nthawi isanakwane, ndipo Joel Casamayor mu 2008 ndi Juan Diaz mu 2009 onse adawamaliza. Chachiwiri, onani momwe chibakeracho chidafikira.

M'raundi yachisanu Pacquiao adamugwetsa Marquez n'kumuswa mphuno, magazi ali chuchuchu. M'raundi ya 6 Pacquiao adali pamwamba, majaji onse atatu adali atamuika patsogolo ndi 47 kwa 46, ndipo ankaona kuti mdani wake watha. Kutatsala masekondi ochepa kuti belu lilire, adachita chimene adali atachita nthawi zosawerengeka pa nkhonya zinayi zija: kunamizira ndi dzanja lamanja, kudumphira mkati, kuti lamanzere litsatire. Marquez, msana uli pafupi ndi zingwe, adaponda mwamphamvu, adapendeketsa mutu, ndipo dzanja lake lamanja, lalifupi ndithu, lidakumana ndi nkhope ya Pacquiao mapazi ake akadali m'njira. Padatsala sekondi imodzi kuti raundi ithe. Chibakera chimene munthu wachiona amachikonzekera, amalimbitsa khosi ndi kuluma mano. Chimene sadachione chimatembenuza mutu mwadzidzidzi, ubongo n'kugwedezeka mkati mwa chigaza, ndipo ndi chimenecho chimene chimakomola. Marquez ndi mphunzitsi wake Nacho Beristain adali ndi zaka zisanu ndi zitatu akuphunzira kudumpha kumeneko. Ngati minofu yokha ikadakhala yankho, Timothy Bradley mu 2013 ndi Mike Alvarado mu 2014 sakadamaliza naye maraundi 12.

Kamwendo:
Ndibweretse munthu wina amene kusintha kwake kunachitika poyera, iye atalengezeratu. Tyson Fury analanda malamba a Wladimir Klitschko ku Düsseldorf mu 2015 pongovina ndi kunamiza, nkhonya imene ambiri anaiona ngati yotopetsa. Mu Disembala 2018 anachita chimodzimodzi ndi Deontay Wilder, anagwa kawiri, majaji n'kunena kuti afanana mphamvu. Atatero anasiyana ndi mphunzitsi wake Ben Davison n'kupita kwa SugarHill Steward, mphwake wa Emanuel Steward uja wa ku Kronk, ndipo anauza atolankhani kuti safunanso kudalira majaji, akupita kukamugwetsa Wilder. Anthu ambiri anamuseka. Anakwera kuchoka pa makilogalamu pafupifupi 116 kufika pa 124, ndipo mu Febuluwale 2020 anayamba kuyenda chakutsogolo kuyambira belu loyamba. Jab yake (chibakera chowongoka cha dzanja lakutsogolo), imene kale inkangokupiza, tsopano inkafika ndi phazi, ikukankhira mutu wa Wilder kumbuyo. Anamugwetsa m'raundi yachitatu ndi yachisanu, ndipo m'raundi ya 7 Mark Breland, mmodzi wa aphunzitsi a Wilder, anaponya thaulo kuti nkhonya iimitsidwe. Mu 2021 anamukomola m'raundi ya 11, mu 2022 anamaliza Dillian Whyte ku Wembley ndi uppercut imodzi (chibakera chokwera kuchokera pansi) m'raundi ya 6, kenaka Derek Chisora m'raundi ya 10. A Phiri, amenewanso ndi anayi motsatizana, munthu atapitirira zaka 30.

Phiri:
A Kamwendo, chiwerengero chakwana, koma taonani mmene Wilder anathera. Fury ankamupitirira ndi makilogalamu pafupifupi 19 pa nkhonya yachiwiri ija, ndipo akagwirana ankamutsamira pakhosi ndi thupi lonselo mpaka miyendo ya Wilder, imene ndi yowonda kale, inatha. Komanso Wilder sadziwa kumenya akubwerera m'mbuyo. Chisora anali ndi zaka 38 ndipo sanagwe, woyimbira anangomumvera chisoni. Pamene Fury anakumana ndi munthu amene sankalola kutsamiridwa, Oleksandr Usyk, anamenyana naye maraundi 24 mu 2024 osamugwetsa ngakhale kamodzi, iye ali wamkulu thupi kutalitali. Chimene ndingavomere n'chakuti Fury anasintha cholinga chake, ndipo kulemera kumene anali nako kale kunayamba kugwira ntchito.

Tembo:
Ana anga, ndalowa mochedwa, koma mundilole ndikubwezereni m'mbuyo kwa munthu amene ambiri a inu simumutchula, Jersey Joe Walcott. Ameneyu adatha unyamata wake akumenya nkhonya za ndalama zochepa, akugwira ntchito zamanja kuti adyetse banja lalikulu, ndipo adasiyapo nkhonya kangapo chifukwa cha umphawi. Adayamba kukonzekera mokwanira atapitirira zaka 30, atapeza womuyang'anira wotchedwa Felix Bocchicchio. Mu 1947 adagwetsa Joe Louis kawiri koma majaji adapereka nkhonyayo kwa Louis. Adalepheranso kwa Louis mu 1948, ndipo Ezzard Charles adamugonjetsa pa mapointi mu 1949 ndi mu Malichi 1951. Mu Julaye 1951 ku Pittsburgh, pa mwayi wake wachisanu, ali ndi zaka 37, adayenda mwachifatse kupita pakati pa bwalo m'raundi ya 7, adalewa jab ya Charles, ndipo dzanja lake lamanzere lidakwera mwachidule n'kufika pa chibwano. Charles adagwa chafufumimba, adayesa kudzuka, n'kugweranso chagada. Padalibe wina wotenga lamba wa heavyweight ali wamkulu kuposa pamenepo mpaka George Foreman mu 1994, ali ndi zaka 45.

Tsono taonani chimene chikugwirizanitsa anthu amene mwawatchula. Walcott adali atakhala ndi Charles maraundi 30 asanamukomole. Marquez adali atakhala ndi Pacquiao maraundi 36. Martinez adali atakhala ndi Williams maraundi 12, ndipo Fury ndi Wilder 12. Zibakera zonse zimene zikutidabwitsazi zidagwera anthu amene omenyawo adawadziwa kale kapumidwe kawo, phazi limene amayambira ndi nthawi imene amatsitsa dzanja. Mnyamata wa zaka 22 amaponya pamene iye wafuna. Munthu wa zaka 35 amaponya pamene mnzakeyo walakwitsa, ndipo kudziwa nthawi imeneyo kumatenga zaka. Ine sindikhulupirira kuti dzanja la Walcott lidalemera pakati pa Malichi ndi Julaye.

Nambewe:
Bambo Tembo, mfundo ya kubwereza nkhonya ndi munthu mmodzimodzi yandigwira mtima. Koma ndifunse mbali inayo, chifukwa ngati luso ndi zaka zikanakhala zokwanira, katswiri aliyense wokhalitsa bwenzi akukomola. Tili naye wathu Isaac Chilemba, wobadwira ku Blantyre, amene anakulira m'nkhonya ku South Africa. Pa luso la kulewa ndi kuwerenga mdani, ndi ochepa a light heavyweight a nthawi yake amene ankamuposa. Anafanana mphamvu ndi Tony Bellew mu 2013, anamaliza maraundi 12 ndi Sergey Kovalev ku Russia mu 2016 pamene Kovalev ankaopedwa ndi aliyense, ndipo mu 2018 anamalizanso 12 ndi Dmitry Bivol. Anadutsa m'manja mwa aphunzitsi Buddy McGirt ndi Roy Jones Jr. Komabe nkhonya zimene anazithetsa nthawi isanakwane sizifika theka la zimene anapambana, ndipo zaka sizinasinthe zimenezo. Bernard Hopkins nayenso, ndi nzeru zake zonse zija, munthu womaliza amene iye anamugwetsa osadzukanso anali De La Hoya mu 2004, koma anapitiriza kumenya mpaka 2016. Mayweather ndiye anachita kubwerera m'mbuyo: mu 2001 anagwetsa Diego Corrales kasanu, koma atakwera sikelo, manja akumuvutitsa, nkhonya zake zambiri zinkathera kwa majaji.

Mphunzitsi Gondwe:
A Nambewe, apa ndiye pagona nkhani. Kumenya molemera kuli ndi mtengo wake, ndipo si aliyense amene amalola kuulipira. Kuti thupi lonse lilowe m'chibakera, mapazi ayenera kuima, ndipo kwa kanthawi kameneko uli pamalo pamene mnzako angakupeze. Fury wovina uja Klitschko sadamukhudze kwenikweni, koma Fury woyenda chakutsogolo adagwa kawiri m'raundi yachinayi pa nkhonya yachitatu ndi Wilder. Marquez adalipira ndi mphuno. Hearns adathyoka dzanja lamanja pamutu pa Marvin Hagler m'raundi yoyamba mu 1985, ndipo pofika raundi yachitatu adali atagona. Chilemba, monga ndimamuonera ine, amaponya thupi litatsamira kumbuyo, ali wokonzeka kale kuchoka, ndipo n'chifukwa chake anthu oopsa aja ankalephera kumumaliza. Chimene chidamuteteza ndi chomwecho chimene chidapeputsa zibakera zake. Hopkins ndi Mayweather adasankha njira yomweyo mwadala, podziwa kuti ikhalitsa.

Mnyamata akabwera kwa ine kuti akufuna mphamvu, sindimupatsa zitsulo zonyamula. Ndimamuimika patsogolo pa thumba, ndimamuuza kuti aponye dzanja lamanja limodzi lokha, ndipo ine ndimagwada n'kuyang'ana chidendene chake chakumbuyo. Ambiri chimakhala chili phee pansi, kapena phazi lonse limanyamuka n'kuuluka. Ena amafumbata chibakera mwamphamvu chisananyamuke n'komwe, mkono wonse n'kuuma, pamene chimayenera kuyenda chomasuka n'kulimba pofika. Zimenezi zimakonzeka, ndipo kulira kwa thumba kumasintha zikakonzeka. Koma ndikamulowetsa m'bwalo ndi mnzake woponya mobwezera, chidendene chija chimaiwalika, chifukwa mtima wake uli pa kuthawa. Ena mantha amenewo amawathera pa zaka 25, ena pa zaka 35, ndipo ena amapuma nkhonya asanawathere.

Mwale:
Aphunzitsi, pamenepo ndagwirizana nanu, ngakhale kukayika kwanga pa matupi osintha mwadzidzidzi sikunachoke. Ndingopempha kuti tikamayamikira wankhonya wachikulire amene wayamba kukomola, tizifunsanso ngati anayezedwa magazi ndi mkodzo mosamuchenjeza pa nthawi yonse yokonzekera, osati usiku wa nkhonya wokha.

Phiri:
Pa mndandanda wanga Martinez walowa, ndipo Crawford ndamulemba ndi pensulo. Fury ndi Marquez ayi, pa zifukwa zimene zanenedwa kale. Alipo wina amene mungamuonjezere?

Kamwendo:
Muyang'anitsitse Usyk yemwe mwamutchula uja, a Phiri. Chikwerereni ku heavyweight, Chisora mu 2020, Anthony Joshua kawiri ndi Fury kawiri onse anamaliza naye maraundi 12, ndipo anthu ankati ndi katswiri wa mapazi wopanda chibakera cha sikelo imeneyo. Mu Julaye 2025 ku Wembley, ali ndi zaka 38, anagwetsa Daniel Dubois kawiri m'raundi yachisanu, kachiwiriko ndi dzanja lamanzere limene Dubois sanadzuke nalo pa nthawi yake. Bambo Tembo aonenso kuti imeneyi inali nkhonya yawo yachiwiri, popeza anali atakumana kale ku Poland mu 2023.

Phiri:
Ameneyo ndi mdani mmodzi, a Kamwendo, ndipo Joe Joyce anali atamuimitsa kale Dubois mu 2020. Muyezo wanga uja ndi atatu kapena anayi motsatizana, choncho Usyk atsala ndi awiri.